Anandimangira m'khitchini mwanga momwe

Achemwali, ndawerenga zoti apolisi anadzamanga alamu athu m'nyumba mwanu ana akuona, n'kuwatulutsa usiku womwewo popanda mlandu uliwonse, ndipo mtima wanga wawira ngati zachitika kwa ine lero. Mukuti mukuopa kukadandaula kuti zingasokoneze mapepala anu okhalira m'dziko muno. Kadandauleni ndithu, ndipo ndifika pamenepo. Koma choyamba ndikufuna ndiyankhe abale omwe adzaza m'munsimu ndi mawu akuti wosalakwa samangidwa, akuti walira mvula walira matope, akuti tisamathamangire kunena za khungu popeza tili m'dziko la eni. Abale inu simunagonepo chafufumimba m'nyumba yomwe mumalipira lendi ndi thukuta lanu, bondo la munthu lili pamsana panu. Ine ndinagonapo.

Tinali titangosamukira kumene m'nyumba ina m'tauni ya kumpoto kwa England kuno, mumsewu womwe banja la anthu akuda linali lathu lokha. Linali Loweruka m'mawa m'nyengo yozizira, ndikuchokera ku shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito, yunifolomu ili m'thupi, baji yokhala ndi chithunzi changa ili pachifuwa. Mayi akunyumba anali atapita kukagula zinthu ndi mwana wathu wamkazi, ndipo kiyi anakana kutembenuka pachitseko cha kumaso, vuto lomwe tinali titamuuza kale mwini nyumba. Ndinazungulira kuseri, ndinakankha zenera la kukhitchini lomwe silinkatsekeka bwino, ndinalowa, ndinavula nsapato n'kuyatsa ketulo kuti ndimwe tiyi ndikagone.

Madzi asanawire ndinamva chitseko cha kuseri chikumenyedwa mwamphamvu. Ndinatsegula ndekha, popanda mantha, chifukwa ndinali m'nyumba mwanga. Apolisi atatu analowa osadikira kuti ndiwauze kuti lowani, ndipo funso loyamba linali lakuti ndikutani muno. Ndinayankha mwaulemu kuti ndimakhala muno, ndinawasonyeza baji, ndinawauza za kiyi. Anafuna umboni. Layisensi yanga yoyendetsera galimoto inali ikadali ndi adiresi yakale, chikalata cha lendi chinali m'dzina la mayi akunyumba omwe amagwiritsabe ntchito dzina la bambo awo, ndipo makatoni a katundu anali mbwee pabalaza chifukwa tinali tisanamalize kulongedza. Mmodzi anayang'ana makatoniwo, n'kuyang'ana mnzake, ndipo ndinaona pankhope pake kuti mlandu wanga watha kale kuweruzidwa. Ndinawapempha kuti aimbire mkazi wanga, nambala ndi iyi. Sanaimbe. Ndinawapempha kuti mmodzi andiperekeze kuchipinda cha pamwamba komwe kunali mapasipoti athu ndi makalata a khonsolo, ndipo nditangotembenuka kuti ndiwalozere masitepe, wina anandigwira mkono kuchokera kumbuyo n'kuupotokola. Thupi la munthu likapwetekedwa mosayembekezera limadzidzimuka lokha, palibe amene amalilamula. Kudzidzimuka kumeneko ndi komwe anadzalemba m'mabuku awo kuti ndinalimbana nawo.

Anandigwetsa pansi n'kundimanga ngati mbuzi yopita nayo kumsika. Tsaya langa linali pamatailosi ozizira omwe mkazi wanga anali atakolopa m'mawa womwewo, fungo la mankhwala okolopera lili m'mphuno, ndipo pansi pa tebulo ndinkaona nsapato za kusukulu za mwana wanga. Bondo linali pakati pa mapewa, unyolo unaluma m'mikono mpaka zala zinachita dzanzi, ndipo onse atatu ankakuwa kuti ndisiye kulimbana nawo pamene ine sindinkatha ngakhale kukweza mutu. Ketulo inawira n'kuzima yokha. Ndinkangobwereza kuti ndimakhala muno, ndimakhala muno, mpaka mawu anasiya kutuluka. Anandidzutsa pokoka unyolo womwewo, ananditulutsa ndili ndi masokosi okha, ndipo pageti ndinakumana ndi mkazi wanga atanyamula majumbo, mwana ali pambali pake. Mwanayo sanalire. Anangoima, maso ali pa unyolo, kenaka ndinaona kuti wadzikodzera. Mayi ake anathamangira m'nyumba, anatulutsa chikalata cha lendi ndi chikalata chathu cha ukwati, koma anawayankha kuti nkhani ya kuba angoisiya, tsopano ndikupita kupolisi chifukwa chosokoneza wapolisi pa ntchito yake.

Amene anaimbira apolisi foni ndi mayi wa nyumba yoyang'anana ndi yathu, ndipo ankaonerera zonsezi atabisala kuseri kwa katani. Mayi ameneyu anationa tikutsitsa katundu tsiku losamuka, mkazi wanga anamupatsa moni kangapo iye n'kumayang'ana kumbali, ndiye asandiuze kuti sanandizindikire. Kuyambira tsiku limenelo mpaka pamene tinasamuka mumsewu umenewo sanabwere n'kamodzi komwe kudzanena kuti pepani. Mwini nyumba nayenso, yemwe ndalama ya lendi ankaifuna tsiku lake lenileni koma loko osakonza, anangoti zachitika zachitika. Koma mkwiyo wanga waukulu uli pa wapolisi amene anandipotokola mkono, chifukwa iye anaphunzitsidwa ntchito, anali ndi foni, anali ndi nthawi, munthu ndinali nditaima pamaso pake ndi yunifolomu ya ntchito ndilibe nsapato. Ndi wakuba uti amene amavula nsapato n'kuyatsa ketulo m'nyumba ya eni? Akanapeza mzungu wa msinkhu wanga m'khitchini momwemo akunena mawu omwewo, ndikukhulupirira ndi mtima wanga wonse kuti akanaimba foni ija, akanaseka naye za loko, n'kumapita.

Kupolisi anandilanda lamba ndi foni, anandijambula, anatenga zidindo za zala ndi malovu a m'kamwa, n'kunditsekera m'chitokosi. Sindinama, sajeni woyang'anira osungidwa anali munthu, anandipatsa bulangete ndi nsapato za pulasitiki, anandiuza ufulu wanga momveka, ndipo ndi iye anandiitanira loya waulere. Madzulo ananditulutsa n'kunena kuti nkhaniyo sipitirira. Shifiti ya usiku umenewo inapita, ndipo ndinayenera kukafotokozera bwana wanga chifukwa chake, mtima uli m'mwamba poganiza za chikalata cha DBS, chosonyeza ngati munthu ali ndi mbiri ya milandu, chomwe ife osamalira okalamba timadalira kuti tigwire ntchito. Ndinalemba dandaulo, ndinadikira miyezi, ndipo kalata yomwe inabwera kuchokera ku nthambi ya apolisi omwewo yofufuza madandaulo inati apolisi aja anagwira ntchito yawo movomerezeka. Mwana wanga anakhala nthawi yaitali akubisala pansi pa bedi akamva kugogoda pachitseko, ngakhale kwa wobweretsa makalata.

Tsono amene mukuti khungu silikukhudzidwa, musandimvere ine, mverani mabuku a eni dziko omwewo. Stephen Lawrence, mnyamata wakuda, ataphedwa ku Eltham mumzinda wa London mu 1993, lipoti la Macpherson la mu 1999 linapeza kuti tsankho linali litazika mizu m'kagwiridwe ka ntchito ka polisi ya London, ndipo mu 2023 Baroness Louise Casey atafufuzanso anapeza zomwezo. Ziwerengero za Home Office, unduna woona za m'dziko, za zaka zaposachedwapa zikusonyeza kuti ku England ndi Wales munthu wakuda amaimitsidwa ndi kusechedwa pafupifupi kanayi kuposa mzungu. Za m'nyumba zenizenizo ndiye zakale. Mu 1985 apolisi analowa m'nyumba ya mayi wakuda Cherry Groce ku Brixton m'mamawa kufunafuna mwana wawo, anawaombera, ndipo mayiwo sanayendenso mpaka anamwalira mu 2011, pamene chipepeso cha polisi chinabwera mu 2014 iwo ali kale m'manda. Mu 1993 mayi Joy Gardner a ku Jamaica apolisi anawafikira kunyumba kwawo ku Crouch End pa nkhani ya mapepala, anawamanga ndi malamba n'kuwakulunga tepi kumutu mwana wawo wamng'ono ali m'nyumba momwemo, anamwalira patapita masiku ochepa, ndipo apolisi omwe anaimbidwa mlandu khoti linawamasula. Ku America, mu July 2009, pulofesa wakuda Henry Louis Gates wa ku yunivesite ya Harvard anabwera kuchokera ku China n'kupeza chitseko cha nyumba yake ku Cambridge chitakakamira, anachikankha mothandizidwa ndi dalaivala, munthu wina anaimbira apolisi, ndipo ngakhale anasonyeza ziphaso zake anamangidwabe pakhonde pake pomwe, akuti chifukwa chosokoneza mtendere. Mlandu unathetsedwa patangopita masiku ochepa, Barack Obama ananena poyera kuti apolisiwo anachita mopusa, dziko lonse linakangana. Ameneyo ndi pulofesa wodziwana ndi pulezidenti, nanga ine ndi alamu athu, amene tikamangidwa palibe nyuzipepala yomwe imalemba?

Wina wanenanso kuti apolisi a kumudzi ndi oipa kuposa a kuno. Za ku Msundwe mu 2019 tonse timazidziwa, ndipo khoti lalikulu linalamula kuti amayi 18 omwe anachitidwa nkhanza ndi apolisi apatsidwe chipukuta misozi. Amayi amenewo akanamvera malangizo anu oti angokhala chete, khoti silikanamva kanthu. Kuipa kwa apolisi a kwathu sikupatsa wapolisi wa kuno chilolezo choika bondo pamsana panga.

Achemwali, usiku uno womwe, alamu athu akhale pansi alembe zonse zomwe akukumbukira, nthawi yomwe apolisi anafika, mawu omwe ananena, manambala a pamapewa awo ngati anawaona, ndipo inunso mulembe zanu panokha osafananitsa. Mabala a unyolo muwajambule lero, ndipo akaonane ndi dokotala kuti zilowe m'mabuku a chipatala. Alembere apolisi mwachangu kuti asunge zithunzi za makamera omwe amavala pachifuwa ndipo apemphe kuti awapatse, chifukwa m'madera ambiri zithunzi zomwe sizinaikidwe ngati umboni amazifufuta pakatha pafupifupi mwezi umodzi. Ali ndi ufulu wolandira chikalata cholembedwa zonse zomwe zinachitika pamene anali m'chitokosi, bola apemphe chaka chisanathe. Dandaulo nalonso liperekedwe chaka chisanathe, ndipo ngakhale mutalipereka kudzera ku Independent Office for Police Conduct, bungwe loima palokha loona madandaulo okhudza apolisi, dziwani kuti madandaulo ambiri amabwerera kwa apolisi a dera lanu lomwelo kuti adzifufuze okha. Langa linathera pamenepo, koma lanu lembanibe, chifukwa dzina la wapolisi likamabwerabwera m'madandaulo pamakhala mbiri yomwe loya wa munthu wina adzaigwiritse ntchito. Pezani loya wodziwa milandu yosumira apolisi, ndipo musachedwe, popeza mlandu wa tsankho pansi pa lamulo la Equality Act la 2010 umayenera kufika kukhoti miyezi 6 isanathe.

Lamulo la Police and Criminal Evidence Act la 1984 limawalola kulowa m'nyumba popanda chikalata cha khoti pofuna kumanga munthu pa mlandu waukulu kapena kupulumutsa moyo, choncho kulowako kokha mwina simungawagwire nako. Pomwe loya amawagwirira ndi pa mafunso awiri, ngati kumangako kunali kofunikiradi, komanso ngati mphamvu yomwe anagwiritsa ntchito inali yoyenera. Za mapepala musaope kwambiri, kumangidwa n'kutulutsidwa popanda mlandu sikufanana ndi kupezeka wolakwa, ndipo kudandaula si mlandu. Chomwe muyenera kuopa ndi caution, chenjezo lolembedwa lomwe apolisi amapereka m'malo mopita nanu kukhoti. Ngati angawaitanenso n'kuwauza kuti angovomera caution nkhani ithe, asasaine loya asanaone, chifukwa kusaina kumeneko ndi kuvomera mlandu, ndipo kumayenera kutchulidwa popempha visa kapena unzika.

Kwa tonse m'gulu muno, apolisi akabwera pakhomo musakweze mawu, manja azioneka, musatembenuke musanawauze kuti mukutembenuka, ndipo muwapatse ulemu wonse. Ine ndinawapatsa ulemu wonsewo ndipo sunanditeteze, koma sindingakuuzeni kuti muchite mwina, chifukwa ndaona kuti kudzidzimuka kwa mkono kokha kunakwanira kundipangira mlandu. Yankhulani nawo pazenera kapena chitseko chili chokoweka ndi tcheni, afunseni mayina awo ndi chomwe abwerera, ndipo wina m'nyumbamo ayatse kamera ya foni, lamulo sililetsa bola asawatsekereze. Akanena kuti alowa ndithu, musawaimire pakhomo. Mukasamuka sinthani adiresi pa layisensi sabata yomweyo, ndipo chithunzi cha chikalata cha lendi chikhale m'foni mwanu, ngakhale zimandiwawa kuti munthu azisunga umboni woti amakhala m'nyumba mwake. Kupolisi musayankhe mafunso loya asanafike, loyayo ndi waulere, pemphani kuti adziwitse m'bale wanu komwe muli, pemphani womasulira ngati Chingerezi chathawa chifukwa cha mantha, ndipo muli ndi ufulu woti ofesi ya kazembe wa Malawi ku London idziwitsidwe.

Ana musawaiwale, achemwali. Akauzeni aphunzitsi awo zomwe anaona kuti akamachita zachilendo m'kalasi asawayese amwano, ndipo bambo awo akhale nawo pansi awauze ndi pakamwa pawo kuti sanabe ndipo sanalakwe. Alamu athu mwina akhala masiku osafuna kuyankhula, musawakakamize, koma kulembako kokha asakuzengereze. Ngati muli chakumpoto kuno ndilembereni pambali, mayi akunyumba akhoza kudzakhala ndi ana tsiku lomwe mudzapite kwa loya, ndipo ine ndidzakuperekezani.