Taimingi ya CBR600RR yanuyo: musakopere manambala a eni ake

Achimwene, mwati gulu lanu la kuyunivesite likumanga galimoto ya mpikisano wa ophunzira wa Formula Student ndi injini ya njinga yamoto ya Honda CBR600RR, mwaika ECU (kompyuta yoyendetsa injini) yoti muzilembamo nokha manambala, ndiye mukupempha tebulo la madigiri a taimingi (osonyeza pamene pulagi izithetheka pisitoni isanafike pamwamba) loti mungokopera. Ine ndikuti musakopere la wina aliyense, ngakhale limene injiniyo inkayendera ili pa njinga.

Chifukwa chake ndi restrictor, kabowo kochepetsa mpweya wolowa mu injini, ya 20 mm imene malamulo a mpikisano amakukakamizani, kapena ya 19 mm ngati mukuthira E85 (mafuta okhala ndi ethanol wambiri). Pa njinga, silinda iliyonse inali ndi khosi lakelake lolowetsera mpweya. Inu mwaipana injiniyo kuti masilinda onse anayi azipumira pakabowo kamodzi. Liwiro la injini likakwera, pamafika poti kabowoko sikangadutsitsenso mpweya wochuluka kuposa pamenepo, ndiye silinda iliyonse imayamba kulandira wochepa. Mpweya ndi petulo zikachepa m'silinda, moto umayenda mochedwerapo, choncho pulagi iyenera kuthetheka msanga. Onjezanipo mapaipi a mpweya ndi ekizozi zimene mwapanga nokha, mupeza kuti injini yanu ikupuma mosiyana ndi ya gulu lina lililonse.

Musanasinthe nambala ngakhale imodzi, tsimikizani kuti ECU ikunena zoona. Apa mpamene ambiri amagwera. Pezani pamene pisitoni yoyamba imafika pamwamba penipeni, ikani chizindikiro chooneka bwino pa crankshaft, uzani ECU kuti igwire madigiri 10 osasintha, kenako walitsani timing light (tochi yothwanima nthawi imene pulagi ikuthetheka). Chizindikiro chikaonetsa 10, zili bwino. Chikaonetsa 16, dziwani kuti tebulo lanu lonse likunama ndi madigiri 6, ndipo kunama kotere kumasungunula pisitoni. Mukatero kwezani liwiro mukuwalitsabe. Chizindikirocho chiyenera kukhala pamalo amodzi. Ngati chikusuntha pamene liwiro likukwera, onani mawaya a sensa ya crankshaft, mwina mwawatembenuza, kapena konzani nambala ya kuchedwa kwa sensa mu ECU.

Petulo ayambe wakhala bwino. Throttle (chitseko cha mpweya wolowa) itatsegulidwa yonse, lambda (muyeso wa kusakanikirana kwa mpweya ndi petulo) ikhale cha pa 0.85 mpaka 0.90. Kusintha petulo ndi taimingi nthawi imodzi n'kudzisokoneza, simudziwa chimene chabweretsa kusintha.

Tsopano ntchito yeniyeni, ndipo malo ake ndi pa dyno (makina oyezera mphamvu ya injini) yotha kugwira injini pa liwiro limodzi. Chimene mukufuna n'chakuti mphamvu ya moto ifike pachimake pisitoni itangoyamba kutsika, cha pa madigiri 15 itadutsa pamwamba. Zili ngati kupalasa njinga: mukaponda pedulo isanafike pamwamba mukudzibweza nokha, mukaponda itatsika kale mwataya mphamvu. Gwirani injini, tinene pa 6000 rpm, yambani ndi madigiri ochepa, onjezerani 2, dikirani nambala ya torque (mphamvu yozungulitsa crankshaft) ikhazikike, lembani. Onjezeraninso 2. Poyamba torque imakwera moonekeratu, kenako kukwerako kumachepa, kenako imangoima. Pomwe yasiya kukwera mpamene pali yankho lanu, ndipo mubwerere m'mbuyo digiri imodzi kapena awiri. Pamwamba pamenepa mphamvu imene mungataye pobwerera ndi yochepa kwambiri, pomwe madigiri owonjezera amangowonjezera kutentha ndi katundu pa pisitoni ndi mabering'i. Ndimamva chisoni ndikaona ophunzira akupikisana kuti ndani waika madigiri ambiri, ngati kuti nambala yaikulu ndiye mphamvu.

Chitani chimodzimodzi pa 500 rpm iliyonse, kenako mutsegule throttle theka n'kubwereza. Woyendetsa amathera nthawi yaitali m'makona throttle isanatsegulidwe yonse, ndiye mbali imeneyi musaiponye kunkhongo. Kumeneko injini imafuna madigiri ochulukirapo.

Nthawi yonseyi munthu mmodzi akhale akumvetsera kugogoda (kuphulika kwa petulo mosalongosoka m'silinda), asapatsidwe ntchito ina. Injini za njinga zimasokosera zokha, moti sensa yomvera kugogoda yosakonzedwa bwino imatha kukunamizani. Kapaipi ka kopa komangidwa ndi bawuti pa buloko, kolumikizidwa ndi paipi ya labala mpaka ku zotsekera m'makutu, kamagwira ntchito modabwitsa. Kugogoda kumamveka ngati kuthetheka kwakuthwa kosatsata kayendedwe ka injini. Mukakumva, tsekani throttle pompo, chotsani madigiri 3, ndipo pamenepo malire anu ndi amenewo ngakhale torque ikanakwerabe. Samalani kwambiri pa liwiro lapakati pamene silinda imadzaza bwino, chifukwa mpamene kugogoda kumakonda kubwera, osati kumapeto kumene restrictor yapana kale mpweya. Mukazimitsa injini, tulutsani mapulagi muwayang'ane pa kuwala. Timadontho tonyezimira tangati mchenga pa mbali yoyera ya pulagi ndi aluminiyamu wa pisitoni yanu.

Musathawirenso mbali inayo. Madigiri akachepa kwambiri, moto umatulukira ku ekizozi, mapaipi amafiira, mavalavu amapsa.

Ziwiri zina zimene zimaiwalika. Yesani ndi mafuta amene mukapatsidwe ku mpikisano, pakuti tebulo la E85 silingapirire pa petulo wamba. Ndipo mpikisano wa makilomita 22 woyesa kupirira kwa galimoto umatenthetsa injini kuposa mphindi zochepa za pa dyno, choncho ikani mu ECU kuti izichotsa madigiri pang'ono mpweya wolowa kapena madzi zikatentha kwambiri. Poliza injini madigiri akhale ochepa kuti isabwezere sitata, ndipo ikamangolira galimoto itaima, 10 mpaka 15 amakwana.

Ngati dyno simunaipeze, khalani ndi madigiri ochepa, konzani petulo yekha, ndipo musadalire woyendetsa kuti akuuzeni ngati madigiri 2 awonjezera mphamvu, thupi silingamve zimenezo. Mukayesa ndi timing light, tiuzeni nambala imene mwaona pa liwiro lotsika ndi pa 6000 rpm, komanso mafuta amene mukuthira, tiyambire pamenepo.