Kodi Ndakula Kwambiri Kuti Ndilowe Sukulu ya Bizinesi?

FUNSO: Ndine mayi wa zaka 47, ndili ndi shopu ya mbewu ndi feteleza pafupi ndi msika wa Kapata. Ndinamaliza Giredi 12 mu 1996 koma masamu ndinapeza 7. Mwana wanga akuti ndikachite MBA kuti bizinesi ikule. Ine ndikuchita manyazi kukakhala m'kalasi ndi ana amsinkhu wa ana anga. Kodi angandilandire? — Mayi wa ku Kapata, Chipata

YANKHO: Amayi, za msinkhu musade nazo nkhawa. M'makalasi amadzulo ndi ophunzirira kunyumba mumadzaza anthu apantchito ndi eni mabizinesi, ena imvi zili mbuu. Chimene chingakutsekereni khomo ndi 7 wa masamuyo.

Mwana wanu akukufunirani zabwino, koma wadumpha sitepe. MBA ndi digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi. Ku UNZA, ku Copperbelt University ku Kitwe kapena ku ZCAS ku Lusaka, amayamba afunsa digiri yoyamba, kapena mapepala aukatswiri wowerengera ndalama monga ACCA ndi CIMA. Inu muyambira pa dipuloma kapena digiri yoyamba, ndipo pa digiri amafuna makirediti asanu a Giredi 12, Chingerezi ndi masamu zili momwemo. Ku ECZ, bungwe loyendetsa mayeso, kirediti imathera pa 6, ndiye 7 wanuyo si kirediti. Choncho lembetsani GCE, mayeso a anthu amene sali pasukulu, mulembenso masamu okhawo ngati maphunziro enawo munakhoza. Munthu amene tsiku lililonse amawerengera phindu la thumba la feteleza wa D Compound atachotsapo ndalama ya thiransipoti, masamu a GCE sangamugonjetse akapeza mphunzitsi woleza mtima.

Polemba kalata yofunsira malo, musabise shopuyo ngati chinthu chochititsa manyazi. Nenani zaka zimene mwagulitsa, antchito amene mumalipira, ndi mmene munapulumukira chaka cha chilala cha 2024 alimi atalephera kubweza ngongole. Phatikizani setifiketi yolembetsera bizinesi ku PACRA ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho ya ku ZRA. Mwana wongochoka ku sekondale alibe zimenezi.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona amayi ngati inu akutaya ndalama za thukuta lawo ku timakoleji tosalembetsedwa. Musanalipire ngakhale ngwee imodzi, tsimikizani kuti sukuluyo ndi yolembetsedwa ku Higher Education Authority kapena ku TEVETA, mabungwe a boma oyang'anira makoleji, ndi kuti pepala lake a ZAQA, bungwe lotsimikizira mapepala a maphunziro, amalizindikira.

Lusaka ili pa mtunda woposa makilomita 550 pa Great East Road, ndiye sankhani pulogalamu yophunzira muli konkuno ku Chipata. Koma afunseni msanga miyezi imene amaitanira ophunzira ku makalasi ndi ku mayeso. Ikagwera mu Novembala ndi Disembala, pamene alimi ali pamzere kufuna mbewu ndi feteleza, muyenera kukhala mutaphunzitsiratu munthu wokhulupirika wosunga makiyi ndi buku la ngongole.