Laisensi ya pisitolo ku South Africa: msampha uli pa masiku 90

Bambo, mwalemba kuti muli ndi chilolezo chokhala mu South Africa mpaka kalekale, mwangolandira khadi la laisensi ya pisitolo yaing'ono ya 9mm yodzitetezera, ndipo wapolisi wa pa kauntala anakuuzani kuti mudzabwerenso laisensiyo ikadzatha. Mwafunsanso ngati alamu anu angakusungireni mfutiyo mukamapita kumudzi mu December.

Wapolisiyo anakusocheretsani, ndipo zimatopetsa kuti mawu amenewa akumvekabe m'mapolisi. Lamulo la Firearms Control Act la chaka cha 2000 limapereka zaka 5 zokha pa laisensi yodzitetezera, ya gawo 13. Gawo 24 likuti pempho lokonzanso laisensi liperekedwe kutatsala masiku osachepera 90 kuti ithe. Tinene kuti khadi lanu likutha pa 30 November: fomu ya apolisi yokonzanso laisensi, SAPS 518(a), ikhale italandiridwa pofika pa 1 September. Mukatero, laisensi yanu imakhalabe yamoyo mpaka a Central Firearms Register, ofesi ya apolisi yoona za malaisensi a mfuti, atayankha, ngakhale atachedwa chaka chathunthu. Mukapereka mochedwa, chitetezo chimenechi mulibe, ndipo tsiku la pa khadi likangodutsa muli ndi mfuti yopanda chilolezo, mlandu womwe chilango chake chingafike zaka 15.

Anthu ambiri ndawaona akugwera apa, osati zigawenga ayi, koma anthu osamala omwe mfuti yawo sinalirepo kunja kwa malo ophunzirira. Mu June 2018 khothi la Constitutional Court, pa mlandu wa bungwe la SA Hunters and Game Conservation Association, linagamula kuti gawo 24 ndi gawo 28, lomwe limanena za kutha kwa laisensi, ali bwinobwino. Choncho zonena kuti "sindimadziwa" kapena "anandiuza ndi apolisi" musadalire. Mu 2022, pa mlandu wa kampani ya zachitetezo ya Fidelity Security Services, khothi lomwelo linati munthu amene laisensi yake inatha angathe kupempha yatsopano pa mfuti yomweyo. Koma kumeneko ndi kuyambiranso pa fomu ya SAPS 271, kufotokozanso chifukwa chofunira mfuti, ndipo sindingakulonjezeni kuti adzavomera, kapenanso kuti miyezi imene munali nayo popanda chilolezo sidzafunsidwa.

Ndiye yambani kutatsala miyezi 6. Onaninso competency certificate yanu, satifiketi yotsimikiza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti, chifukwa imatuluka laisensi isanabwere ndipo ikafuna kukonzedwa fomu yake ndi ina, SAPS 517(g). Kaperekeni kwa Designated Firearms Officer weniweni, ofesala wa polisi woona za mfuti, osati kwa aliyense amene mwamupeza pa kauntala, ndipo musachoke popanda lisiti ndi kapepala kodindidwa tsiku. Mafayilo amasowa. Likasowa lanu, kapepalako ndi kokha kamene kadzakuyankhulireni. Kajambuleni pa foni, kenikeniko musunge padera.

Za alamu anu, ngati alibe laisensi ya mfuti, yankho ndi ayi, kaya ndi munthu wabwino chotani. Wopanda laisensi sangasunge mfuti yanu, ndipo akapezeka nayo milandu ikhala iwiri, wake ndi wanu. Achibale akati mukuwakayikira, apirireni, kukhothi sadzakuimirirani. Isiyeni m'bokosi lachitsulo lovomerezeka ndi SABS, bungwe loona za miyezo ya katundu ku South Africa, lomangiriridwa kukhoma kapena pansi, makiyi mupite nawo. Kapena kambiranani ndi sitolo yogulitsa mfuti yovomerezeka ikusungireni. Kusungitsa kwa mnzanu wa laisensi kumafuna chilolezo cholembedwa chodutsa kwa ofesala uja. Ndipo musaganize zoiponya m'galimoto kupita nayo ku Malawi: laisensi yanu mphamvu yake imathera pa Beitbridge, pa malire a South Africa ndi Zimbabwe. Pamafunika chilolezo chotulutsira mfuti komanso cha dziko lililonse limene mudutsamo.

Poyenda nayo, gawo 84 likufuna kuti ikhale mu holster (thumba lopangidwira pisitolo) yomangidwa pathupi panu kapena m'chikwama, yophimbika yonse, ndipo inuyo muziilamulira nthawi zonse. Kuisomeka m'lamba wa buluku popanda holster ndi kuphwanya lamulo, komanso ndi momwe anthu amadziwombera mwendo. Sankhani holster yolimba yotsekereza trigger yense, kachitsulo kokoka powombera. Khadi la laisensi likhale m'thumba. Zipolopolo zisapitirire 200. Mukasamuka nyumba, lembani kalata yodziwitsa apolisi pasanathe masiku 30. Mfuti ikabedwa kapena kusowa, kanene pasanathe maola 24, ndipo yembekezerani mafunso a komwe inali. Yosiyidwa m'galimoto pa malo ogulira zinthu imapezetsa mlandu mwini wake, ndipo angathe kulengezedwa kuti ndi wosayenera kukhalanso ndi mfuti. Mowa ndi mfuti ayi. Kuloza munthu popanda chifukwa chomveka ndi mlandu pawokha, ngakhale mfutiyo ilibe chipolopolo.

Kuwombera kumaloledwa pamene moyo kapena thupi lanu, kapena la wina, lili pa ngozi yomwe yayamba kale kapena ili pafupi kuchitika, ndipo palibe njira ina yofatsa yoiletsera. Wakuba amene akuthawa ndi foni yanu, makhothi kawirikawiri samuona ngati ngozi yotere. Zikachitika, itanani ambulansi ndi apolisi, perekani dzina lanu ndi laisensi, koma sitetimenti yofotokoza zonse mudzapereke loya wanu ali pompo.