Kodi bourbon wodula amakomadi kuposa wotchipa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Mu Disembala akupita kumudzi, ndipo akufuna kuwatengera apongozi awo aamuna botolo la bourbon, wisiki wa ku America, popeza madalawo amakonda wisiki. M'sitolo anapeza kuti mabotolo ena akudula katatu kapena kanayi kuposa anzake. Funso lawo ndi ili: "Kodi wodulayo amakomadi kuposa winayo, kapena ndikhala ndikugula dzina chabe? Nanga ndingadziwe bwanji?"

Achimwene, zikomo pondilembera. Maganizo anga ndi akuti ndalama yowonjezera imagula kukoma mpaka penapake. Mukapitirira pamenepo mumayamba kulipirira kusowa kwa botololo ndi kutchuka kwa dzina lake.

Choyamba dziwani kuti bourbon ndi mowa womangidwa ndi lamulo. Mu 1964 nyumba ya malamulo ya America inalengeza kuti ndi chakumwa cha dziko lawolo, ndipo wambiri amachokera ku dera lake la Kentucky. Pa mbewu zofululira, chimanga chisachepere 51 peresenti. Akautcheza, amausunga m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak yowauka ndi moto m'kati, ndipo saloledwa kuthiramo utoto kapena zokometsera. Choncho ngakhale botolo lotchipa, ngati palembedwa kuti bourbon, ladutsa m'malamulo omwewo amene lodula ladutsamo. Kwa ife amene tinakula tikuona kachasu akutchezedwa, nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. Potuluka mumpope, bourbon amakhala woyera mbee ngati kachasu yemwe. Kufiira kwake konse, ndi mbali yaikulu ya kukoma kwake, zimachokera mumgolo.

Pamgolopa ndi pamene pagona nkhani ya mtengo. Ku Kentucky kumatentha kwambiri m'chilimwe ndipo kumazizira koopsa m'nyengo yachisanu. Kukatentha mowa umalowa m'matabwa, kukazizira umabwerera, utatenga fungo la vanila ndi la shuga wopserera. Chaka chilichonse wina umauluka n'kutayika, moti mgolo umene wakhala zaka 20 umakhala utaphwa kwambiri. Mwini fakitale wadikira zaka zonsezo, ndipo wotsalayo ndi wochepa, ndiye kudula kwake kuli ndi chifukwa. Koma kukalamba si kukoma nthawi zonse. Poti mgolo ndi watsopano, thabwa limachita mphamvu msanga, ndipo bourbon wokhalitsa kwambiri amatha kumata m'kamwa ngati nthochi yosapsa, kapena kuwawa ngati tiyi woiwalika pamoto. Ine lilime langa limakondwa kwambiri ndi wa zaka zapakati pa 6 ndi 12.

Tsono musanatulutse ndalama, werengani chipepala cha pabotolo modekha. Mawu akuti straight akutanthauza kuti wakhala mumgolo zaka zosachepera 2, ndipo ngati sanakwane zaka 4 amayenera kulemba msinkhu wake. Nambala ya zaka ikalembedwa, imanena za mowa waung'ono kwambiri mwa imene asakaniza. Mawu amene ndimawakhulupirira kuposa onse ndi akuti bottled in bond, ochokera ku lamulo la 1897: mowa wa fakitale imodzi, wa nyengo imodzi, wa zaka zosachepera 4, mphamvu yake 50 peresenti ndendende. Nthawi zambiri mabotolo oterewa sadula mopitirira, ndipo samanamiza. Koma mawu akuti small batch, kutanthauza wopangidwa pang'ono, alibe lamulo lililonse kumbuyo kwake, aliyense akhoza kuwalemba. Yang'ananinso kumene anatchezera. Makampani ambiri alibe fakitale, amagula mowa kwa ena monga kampani ya MGP ya ku dera la Indiana n'kuuika m'botolo lokongola la dzina lawo. Mowawo ukhoza kukhala wabwino ndithu, koma musalipirire nthano ya pabotolo yonena za agogo amene sanautcheze.

Mphamvu nayo muione. Aamerika amalemba proof, ndipo mukaigawa pawiri mupeza peresenti. Wild Turkey 101 ndiye kuti ndi 50.5 peresenti. Wochepetsetsa wololedwa ndi 40 peresenti, ndipo ameneyu wathiridwa madzi ambiri asanatsekedwe. Wamphamvu mukhoza kumuchepetsa nokha kunyumba mmene mukufunira.

Chitsanzo cha dzina lodula ndi Pappy Van Winkle, wa zaka 15, 20 ndi 23. Amatuluka wochepa pa chaka, ndipo ogulitsa mwapadera amamukweza kangapo kuposa mtengo umene eni ake amaika. Kusowa kwake kunafika poti mu 2013 kunamveka nkhani ya mabotolo ake obedwa pafakitale, ndipo akathyali amagula mabotolo opanda kanthu n'kuthiramo mowa wina. Amapangidwa ku fakitale ya Buffalo Trace, m'tauni ya Frankfort, komwenso amapanga bourbon wina wotchedwa W.L. Weller ndi msakanizo wa tirigu womwewo. Anthu atazindikira zimenezi anathamangira Weller, naye n'kukwera mtengo. Mowa wa m'botolo sunasinthe, chinasintha ndi chiwerengero cha oufuna. Zimandipweteka mtima kuona munthu wovutikira ndalama yake akulipira mpikisano wa anthu ena.

Tirigu ndamutchulayu ndi wofunika pa mphatso yanu. Pambali pa chimanga ndi balere, amaikamo rye (mbewu yofanana ndi tirigu) kapena tirigu. Wa rye wambiri, monga Bulleit ndi Four Roses, amayabwa pa lilime ngati kuti muli katsabola. Wa tirigu, monga Maker's Mark, ndi wofewa ndi wozuna. Ngati madalawo anazolowera wisiki wa ku Scotland, adzapeza bourbon aliyense wotsekemera kuposa amene amamwa, ndipo fungo la utsi la wisiki wina wa kumeneko sadzalimva.

Kulawa kwake kulibe matsenga. Pitani ku bala kumene amagulitsa pang'onopang'ono, muitanitse mitundu iwiri, wodula ndi wapakati, ndipo mnzanu asinthanitse matambula inu musakuona. Zimenezi n'zofunika chifukwa maso akaona mtengo, lilime limangovomereza. Musaikemo ayezi kapena zoziziritsa kukhosi. Dikirani mphindi zingapo, kenaka nunkhizani kukamwa kuli kotsekula pang'ono kuti mphamvu yake isakuotcheni mphuno. Kumwa koyamba musakuwerengere, n'kongodzutsa lilime. Kachiwiri musunge m'kamwa pang'ono, mumve ngati ndi wolemera kapena wamadzimadzi. Mukameza, khalani chete. Bourbon wabwino amasiya kafungo ndi kufunda kumene kumakhalitsa, kukoma kwina kukutha kwina kukubwera. Wamba amangootcha pakhosi n'kuzimirira. Kenaka dontheziranimo madzi pang'ono mulawenso, mudzadabwa mmene fungo limatsegukira. Ngati simunathe kusiyanitsa matambula awiriwo, kapena mwakonda wotchipayo, yankho mwalipeza, ndipo palibe chamanyazi.

Ndikanakhala ine ndikanagula wapakati wa zaka zolembedwa. Knob Creek wa zaka 9, wa 50 peresenti, ndi wodzadza m'kamwa ndipo ndi wolemekezeka kupereka kwa apongozi. Eagle Rare wa zaka 10 mukamupeza pamtengo wabwino mutengeni. Ngati madalawo sakonda zoyabwa, Maker's Mark sangakuchititseni manyazi. Gulani m'sitolo yodziwika, muonetsetse kuti chotsekera sichinasokonezedwe.

Pomaliza, mukawauze kuti asamusunge poganiza kuti azikomerakomera. Wisiki akachoka mumgolo sakulanso, wa zaka 9 amakhalabe wa zaka 9 ngakhale atakhala m'kabati mpaka zidzukulu zitakwatira. Botolo aziliimika chilili, pamthunzi, kutali ndi zenera, ndipo akatsekula azimwa pang'onopang'ono ndi alendo awo. Mudzandilemberenso mu Januwale, ndimve kuti anati bwanji.