Musanaode katundu ku Joni, werengerani kaye za msewu

Achemwali, mwafunsa kuti geni yooda katundu kuno ku Joni n'kukagulitsa kumudzi imayenda bwanji, komanso ngati mpamba umene mwasonkhanitsa ungakwane. Za mpambazo tiziona kumapeto. Choyamba dziwani kuti aliyense amene wafika m'mamolo a Atchaina oodako katundu monga Dragon City kapena China Mall amagula pa mtengo wofanana ndi mnzake. Chimene chimasiyanitsa wopindula ndi wolira ndi ndalama imene katunduyo wadya panjira asanafike pa Limbe.

Njira yake ndi iyi. Basi ikachoka pa Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi kuno ku Joni, imagwira msewu wa N1 kudutsa Pretoria, Polokwane, Musina mpaka pa Beitbridge. Ikawoloka Limpopo imapita Masvingo, Harare, n'kutulukira pa Nyamapanda kulowa Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. Opita ku Lilongwe ambiri amakhotera ku chipata cha Dedza. Ndi makilomita oposa 1,700, maboda atatu, mayiko anayi, ndipo dziko lililonse limatapako. Pa N1 pokha pali malo olipirira msewu monga Carousel, Kranskop, Nyl, Capricorn ndi Baobab. Pa Beitbridge chimangireni boda yatsopano galimoto iliyonse imalipira polowa, thiraki n'kumalipira zambiri kuposa basi. Mu Zimbabwe amafuna madola, ku Mozambique inshuwalansi yawoyawo. Kwathunso kuyambira 2021 pali zolipira pa Chingeni, kenako anatsegula pa Kalinyeke ku Dedza. Ndalama zonsezi mwini galimoto satulutsa m'thumba mwake, amazigawa pa katoni iliyonse ndi belo lililonse limene wanyamula. Onjezani dizilo, amene mtengo wake kuno umasintha Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse.

Pali chinanso chimene ambiri sachiona. Magalimoto amadzaza popita kumudzi, koma pobwera kuno amabwera opepuka. Timabweretsa chiyani ife? Mpunga wa Kilombero, usipa, mtedza, nandolo, zoti tigulitse kwa anzathu a ku Mayfair ndi Turffontein amene asowa ndiwo zakwathu, ndipo nazonso zikachuluka opanda mapepala a zaulimi amakulandani pa Beitbridge. Choncho ulendo wopita kumpoto ndi umene umalipira mafuta a maulendo onse awiri. N'chifukwa chake mtengo wotumizira katundu kumudzi sutsika ngakhale matransipota atachuluka chotani.

Ndiye posankha zooda muziganiza za malo ndi kulemera. Mabulangeti ndi madyuveti amayenda malonda nthawi yozizira, koma amadya malo, ndipo wa transipoti amakutchajani poona kukula kwa belo. Mafuta ophikira, matailosi ndi penti n'zolemera, thiraki ikapyola muyeso pa sikelo ya pamsewu chindapusa chimabwerera kwa eni katundu. Mawigi, mafuta odzola, zonunkhiritsa, nsapato ndi zipangizo za foni zimalowa m'chikwama chimodzi koma mtengo wake ndi waukulu. Woyamba kumene ayambire pamenepo. Mafiriji ndi mipando asiyireni amene ali ndi maoda olipiriratu.

Basi kapena thiraki? Basi imatenga pafupifupi masiku awiri maboda akayenda bwino, ndipo katundu mumamuona ndi maso m'ngolo yake, koma zikapyola makilo amene amaloleza pa tikiti mumalipira zoonjezera. Thiraki ndi yotchipa pa katundu wambiri, koma sabata imatha, nthawi zina ziwiri, ndalama yanu ili chigonere pamzere. Mu Disembala ndi pa Isitala musayerekeze n'komwe kulonjeza kasitomala tsiku. Pa Beitbridge pamakhala anthu onse a ku Zimbabwe, Malawi ndi Zambia opita kwawo, matikiti amakwera, malo m'ngolo amasowa. Katundu wa Khirisimasi amatumizidwa mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala.

Mumzinda munonso msewu umadya. Anthu ambiri amayenda pa matekisi, amene kwathu timati maminibasi, ndipo pokwera mumaimika ndi chizindikiro cha chala malinga ndi kumene mukupita. Tekisi ndi yabwino popita kukaoda, koma pobwerera ndi mabelo mudzafunika kabaki (kagalimoto kotsegula kumbuyo) kapena galimoto ya pa Bolt, yoitanitsa pa foni, ndipo mitengo ya pa foniyi imakwera nthawi imene anthu akuweruka. M'misewu ikuluikulu ya mumzinda muno, M1 ndi M2, m'mamawa ndi madzulo magalimoto amangoima. Ine ndimalowa Crown Mines ndi Fordsburg, kumene timaoda katundu, anthu a ntchito atafika kale m'maofesi, n'kutuluka dzuwa lisanapendeke. Sitima ya Gautrain, imene inayamba 2010, ndi yokongola koma si ya munthu wa mabelo. Zolipira za e-toll m'misewu ikuluikulu ya Gauteng, zimene zinayamba mu Disembala 2013 anthu n'kumakana kulipira, boma linazithetsa mu Epulo 2024, ndiye wina asakunamizeni kuti akuwonjezera mtengo chifukwa cha zimenezo. Ndalama zambiri musamayende nazo m'manja m'tauni muno, makamaka cha ku Small Street ndi Noord.

Tsopano msonkho. Pa Mwanza a MRA amafuna malisiti, ndipo akaona kuti mtengo mwalembawo ndi wochepa amaika wawo. Katundu wopangidwa mu South Africa muno amatha kutsitsiridwa msonkho ngati ali ndi satifiketi ya SADC yosonyeza kumene anapangidwira, koma zambiri za m'mamolo a Atchaina n'zochokera ku China, sizilowa m'gulu limenelo. Komanso pa zimene mwagula m'mashopu opereka lisiti la msonkho, mlendo amatha kuitanitsa VAT ya 15 peresenti potuluka, bola katunduyo aonedwe pa boda. Matransipota ena amakuuzani mtengo umodzi, eti zonse ndi msonkho womwe. Funsani ngati adzakupatseni pepala la MRA. Akayamba kuzungulira, dziwani kuti katundu wanu akudutsa m'njira imene ikavuta simudzakhala ndi pokadandaula.

Kwacha nayo isakupusitseni. Inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali atakongoza katundu pa mitengo yakale anapeza kuti ndalama atolerazo sizikugulanso katundu wochuluka ngati amene anali naye. Poika mtengo muziwerengera marandi amene mudzafune kuti muodenso, pa mtengo umene mumawapezera inuyo, osati wolembedwa ku banki. Ngongole ikhale ya masiku ochepa.

Masiku ano ambiri sakweranso basi mwezi ndi mwezi. Amasankha katundu pa WhatsApp, n'kutumiza ndalama kwa munthu wawo kuno, iye amagula, kumanga n'kukapereka kwa transipota. Tikiti, malo ogona ndi chakudya cha panjira zimapulumuka, ndipo pa mpamba wochepa ngati wanuwo zimenezi zikanadya gawo lalikulu. Komabe ulendo woyamba bwerani nokha. Pasipoti ya Malawi amaidinda masiku 30, musapyoze ngakhale tsiku limodzi chifukwa amakuletsani kulowanso. Mudzaone mashopu, mudzaone kumene matransipota amapakirira, mudzalembe nambala za galimoto ndi za ofesi yawo ku Blantyre. Pa mpamba wanuwo patulani kaye za tikiti, za transipoti ya katundu ndi za msonkho, yotsalayo ndiye yoodera. Mundiuze tsiku limene mukunyamuka pa Wenela kuti ndidzakuchingamireni pa Park Station.