Nyambo za nthenga: mitundu ingati pa mpamba wa K350,000?

Alangizi, ndine mnyamata wa zaka 29, ndimakhala ku Nchalo. Ndinagwirapo ntchito pa loji ina ku Zomba komwe mlendo wina wokonda kuwedza anandiphunzitsa kumanga nyambo za nthenga, makamaka zija zazitali zotchedwa streamer, zimene m'madzi zimaoneka ngati kansomba. Ntchito itatha ndinabwerera kuno kumudzi, koma zipangizo ndidakali nazo ndipo manja sanaiwale. Ndikufuna ndizimanga zogulitsa kwa owedza nsomba za bass ndi trout. Kubanki mkhonde andivomera ngongole ya K350,000 yobweza m'miyezi inayi. Achimwene anga ali ku Johannesburg ndipo akuti atha kundigulira nthenga ndi ubweya, koma pa pepala la sitolo limene anditumizira pali mitundu ya utoto yoposa 30. Kodi ndigule pang'onopang'ono mtundu uliwonse kuti wogula asasowe chosankha?

Wowerenga wa ku Nchalo, Chikwawa

Ayi achimwene, musatero. Tengani pensulo tiwerengere limodzi. Tinene kuti mukumanga nyambo za kamangidwe katatu kokha, ndipo kalikonse pa mbedza za masaizi atatu. Mukachulukitsa ndi mitundu 30, mwapeza katundu wosiyanasiyana wokwana 270. Nyambo zimenezi zimagulitsidwa pa dazeni, ndiye kuti mukhale ndi dazeni imodzi yokha ya chilichonse muyenera kumanga nyambo 3,240 musanalandire ndi tambala yomwe. Mukatsitsa mitundu kufika pa isanu, katundu wanu ndi 45, nyambo 540. Kusiyana kumeneku ndi ndalama yogona m'bokosi pamene chiwongola dzanja cha kubanki mkhonde chikuyenda mwezi ndi mwezi. Sitolo ya ku Johannesburg ikhoza kusunga mitundu 30 chifukwa ili ndi ogula ochuluka ndiponso mpamba wodikirira. Inu muli ndi miyezi inayi.

Mwayi wanu ndi wakuti nsomba sizisankha kwambiri ngati mmene anthu owedza amasankhira. Streamer imayerekeza chakudya chimene chimasambira: kansomba, mbululu, msundu, nthawi zina kankhanu. Zamoyo zimenezi zambiri n'zodera kumsana, zoyera kumimba, ndipo mitundu yake siichoka pa wakuda, woyera, wabulawuni ndi wobiriwira modera uja amautcha olive. Imeneyi ndiyo mitundu inayi yoyamba kugula. Woolly Bugger, nyambo imene Russell Blessing wa ku Pennsylvania anayamba kumanga mu 1967, mpaka lero imayenda malonda kwambiri ikakhala yakuda, ya olive kapena yabulawuni, ndipo imagwira trout ndi bass yomwe. Mukanandiuza kuti muli ndi ndalama ya mtundu umodzi wokha, ndikanati gulani wakuda. Madzi akavunduka, kapena kukamacha ndi kukamada, nsomba imene ili pansi imaona nyambo itatchinga kuwala kochokera kumwamba, ndipo chakuda ndicho chimaonetsa mpangidwe wake bwino koposa. Yoyera ndi ya olive zimagwira ntchito madzi akakhala oyera, dzuwa lili phwee, pamene nsomba ikutha kuyang'anitsitsa isanalume.

Mtundu wachisanu ndi chartreuse, chikasu chobiriwira chowala ngati cha majekete a apolisi apamsewu. Palibe kansomba kamene kamaoneka choncho, komabe bass imalumphira. Clouser Minnow, imene Bob Clouser anapanga mu 1987 powedza bass mu mtsinje wa Susquehanna, imadziwika kwambiri ikakhala ya chartreuse ndi yoyera, ndipo wogula wodziwa akatsegula bokosi lanu imeneyo ndiyo adzayamba kufunsa. Wofiira musaugule wambiri. M'madzi oyera kuwala kofiira ndiko kumayamba kuzimirira nyambo ikamamira, moti pakuya mamita ochepa chofiira chimaoneka chodera. Ntchito yake yeniyeni ndi kadontho ka pakhosi pa nyambo koyerekeza makha a nsomba, ndipo apo ulusi wofiira umodzi ukukwanirani miyezi yambiri. Pinki, pepo, buluu wowala, zimenezo muzimanga munthu akapereka oda ndi theka la ndalama.

Pa pepala la sitolo lija sanalembepo kuti mwa nsomba ziwiri mwatchulazo, kuno kuchigwa mulibe pokayesera. Trout imafuna madzi ozizira, ndipo akapitirira madigiri 20 imayamba kuvutika. N'chifukwa chake m'dziko muno imapezeka pamwamba pa phiri la Zomba, m'mitsinje ya pa phiri la Mulanje ndi m'madamu a ku Chelinda pa Nyika, osati ku Chikwawa kumene mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40. Bass ili m'madamu a kumtunda, monga a m'maesiteti a tiyi ndi damu la Luwawa ku Mzimba. Choncho mtundu umene ukugwira nsomba simudzauona ndi maso anu. Mudzaumva kwa ogula, ndipo njira yokhayo yodalirika ndi kope. Lembani dazeni iliyonse yotuluka: kamangidwe, saizi, mtundu, wogula ndi mwezi. Zimene munthu wayamikira pakamwa musazilembe. Lembani zimene wabwera kudzagulanso. Pakatha miyezi itatu kope lija lidzakuuzani mtundu wachisanu ndi chimodzi woyenera kuwonjezera, kapena lidzakuuzani kuti wabulawuni sukuyenda ndipo musauitanitsenso.

Owedza ndi nyambo zotere m'Malawi ndi ochepa, ambiri ndi alendo ndi anthu a m'tauni amene amapita kumapiri pa tchuthi. Kunja msika ndi waukulu, koma kumeneko mukakumana ndi Kenya, imene ili ndi mafakitale omanga nyambo zotumiza ku Ulaya ndi ku America pa mtengo umene munthu mmodzi wokhala pakhonde sangaufike. Ndikunena izi kuti musatenge K350,000 yonse. Ndikanakhala inu ndikanabwereka theka, n'kumanga madazeni ochepa a zitsanzo, n'kukwera nawo ku Blantyre ndi ku Zomba kumene muli kale ndi anthu okudziwani. Theka linalo mukalitenge oda itabwera. Zipangizo zanu n'zogula ndi ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mtengo wa nyambo muziuwerengera pa ndalama imene mudzagulire zipangizo zina mawa, osati imene munagulira dzulo. Muikemonso ya mayendedwe ndi msonkho wa MRA, chifukwa katundu wobwera m'chikwama cha achimwene anu lero, mawa adzabwera ndi basi n'kuima pa Mwanza.

Pa ndalama imene mutenge, gawo lalikulu lipite ku mbedza. Apa ndi pamene anyamata ambiri amalakwitsa: amagula nthenga zokongola n'kuzimangira pa mbedza za pamsika zimene zimawongoka nsomba ikakoka kapena kuchita dzimbiri zikangonyowa kawiri. Wowedza amakhululuka mtundu wolakwika pang'ono, koma nsomba ikamuthawa chifukwa mbedza yawongoka, dzina lanu lathera pomwepo, ndipo anthu amenewa ndi ochepa, amadziwana onse. Za trout gulani mbedza zazitali za saizi 6, 8 ndi 10. Za bass zikhale zazikulupo, kuyambira 4 mpaka 1/0. Musaiwale mikanda yachitsulo ya kumutu ndi timaso tolemera ta Clouser, chifukwa kuya kumene nyambo ikufika kumasintha zotsatira kuposa kusiyana kwa olive wodera ndi olive wowala.

Funso lina lofanana nalo linachokera kwa mayi wina wa ku Bangula amene amaweta nkhuku ndi nkhanga. Akuti anamva kuti nthenga zili ndi msika, ndipo akufunsa ngati angazinyike mu utoto n'kumagulitsa kwa omanga nyambo. Mayi, yankho lanu ndiliphatikiza pompano chifukwa inu ndi mnyamata wa ku Nchaloyu mukufunana.

Nthenga zofewa za kumchira kwa Woolly Bugger, zija amati marabou, masiku ano zimachokera ku nkhukutembo zoweta. Nthenga za m'khosi ndi za kumsana kwa tambala ndizo amakulungira thupi la nyambo, ndipo za nkhanga yoweta, zamadonthomadontho zija, omanga nyambo amazifuna mmene zililimo. Tambala woyera, wakuda ndi wofiirira akupatsani kale mitundu itatu mwa isanu popanda utoto uliwonse. Ubweya wa mbuzi, makamaka wautali wa kumsana ndi kumiyendo, umalowa m'malo mwa ubweya wa mchira wa gwape wa ku America pa nyambo zing'onozing'ono, ngakhale sutambasuka m'madzi chimodzimodzi. Mbuzi zophedwa pa Ngabu ndi pa Nchalo tsiku la msika n'zosawerengeka. Zikopa ndi nthenga zichapidwe ndi sopo, ziume bwinobwino pamthunzi, zisungidwe m'chigubu chotseka ndi mankhwala a njenjete, pamalo okwera. Amene anaona madzi a namondwe wa Ana mu 2022 ndi a namondwe wa Freddy mu 2023 safuna kuuzidwa chifukwa chake.

Pa utoto ndiye chenjerani. Nthenga ndi ubweya zimagwira utoto wa mtundu umene amanyikira ubweya wa nkhosa, m'madzi otentha othira viniga. Utoto wa nsalu za thonje nthawi zambiri umasuluka. Musanagulitse, vikani nthenga imodzi m'madzi usiku wonse, m'mawa muifinyire pa nsalu yoyera. Ikasiya banga, musaigulitse, chifukwa nyambo yakuda yosuluka imadetsa zoyera zonse m'bokosi la wowedza. Chartreuse ndi wovuta kuupeza bwino pakhomo, umenewo ugulidwe wonyika kale.

Ndipo nonse awiri, nthenga za mbalame zakutchire zisiyeni. Muli pakati pa Lengwe, Majete ndi Mwabvi, komanso dambo la Elephant Marsh linalowa pa mndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar mu 2017. Wina adzabwera ndi nthenga zokongola za mbalame ya m'dambo pa mtengo wotsika. Lamulo la nyama zakutchire limagwira ndi wosunga yemwe, osati wopha yekha. Tsiku limene mudzafune kutumiza katundu kunja, yambani mwafunsa a nthambi yoona za ziweto za chikalata chofunika, chifukwa mayiko ambiri amaunika nthenga polowa poopa chimfine cha mbalame.

Achimwene a ku Nchalo, pali nsomba imodzi imene simunaitchule ngakhale ili pakhomo panu. Kumunsi kwa mathithi a Kapichira, Shire ali ndi tigerfish, mcheni wa mano akuthwa uja wa m'mitsinje yolumikizana ndi Zambezi. Amalumphira streamer, ndipo Clouser yomweyo ya chartreuse ndi yoyera, kapena yakuda yokhala ndi kofiira pang'ono, imamugwira, bola mbedza ikhale yolimba ndipo wowedza amange kawaya kutsogolo kwake kuti mano asadule chingwe. Mitundu yake ndi yomweyo mwagula kale, ndiye simukuwonjezera katundu wogona. Iyi mutha kuiyesa nokha mumtsinje, muli m'bwato ndi munthu wodziwa malo a ng'ona, madzi akayera m'miyezi ya chilimwe. Komanso mcheni amaithetheula nyambo akangoluma kangapo, moti mlendo wobwera kudzawedza masiku atatu amafuna madazeni, osati nyambo ziwiri. Pa zitsanzo zimene mukwere nazo ku Blantyre, ikanimo dazeni ziwiri za mcheni, ndipo podutsa mufunse m'maloji a mbali ya Majete ngati alendo awo amawedza.