Lamba wa m'khosi sakoka thole

Mayi, mwanayo musamuletse kupita ku Mikolongwe kukaphunzira udokotala wa ziweto chifukwa choopa kuti AI, nzeru za makompyuta zija, idzamulanda ntchito, koma mumve kaye zomwe zinandionekera ine ku Joni. Ndagwira zaka 6 pa famu ya ng'ombe za mkaka ku Eastern Cape. Ife a m'khola tikamva AI timaganiza za umuna wa m'botolo wobereketsera ng'ombe, ndiye bwana atanena kuti AI ikubwera ndinangoseka.

Anamangirira ng'ombe iliyonse lamba m'khosi. Lambayo amawerenga mmene ikubzikulira, mmene ikuyendera, n'kutumiza uthenga pa foni kuti yakuti ikufuna nkhunzi, yakuti yayamba kudwala. Imeneyotu inali ntchito yanga, kuima m'mawa kuzizira ndi kabuku, kuwerenga masiku 21 oti ng'ombe ifunenso nkhunzi. Sindinama, makinawo amandiposa. Sagona.

Ndiye mu 2023, nthawi ya load shedding ija, magetsi anathima usiku, netiweki nayo zii. Cha m'ma 2 koloko ndinamva ng'ombe ikubuula, kubuula kwake kosakhala bwino. Ndinathamanga ndi tochi ya pa foni, n'kuipeza yagona, maso atuluka, kumbuyo kukuoneka kamchira kokha. Thole likubwera chammbuyo, miyendo yapindikira mkati. Ndinavula malaya, kupaka sopo mkono, kuulowetsa mpaka m'phewa. Ikakankha, mkono umachita dzanzi ngati wapanidwa ndi chitseko. Ndinabweza tholelo mkati, kufungatira chiboda m'dzanja kuti chisang'ambe chiberekero, kuwongola mwendo woyamba, kenako winawo. Ndowe kumaso, foni ndaluma pakamwa. Linatuluka losapuma. Ndinalitokosa m'mphuno ndi udzu mpaka linayetsemula, ine miyendo ili njenjenje.

M'mawa manijala, kamnyamata koti sikanakamepo ng'ombe chibadwire, akuyang'ana pa kompyuta n'kundifunsa chifukwa chiyani sindinalembe mu app. Zikomo olo mmodzi! Patatha miyezi 4 anatichotsa anthu atatu, akuti system ikugwira ntchito yathu. Manijalayo usiku uja anali ku braai, mpaka lero ndikamukumbuka mtima umandiwawa.

Zowerenga, zoyang'anira ndi zolemba zikupita ndithu, ngakhale kukama. Maloboti okama anayamba kale ku Netherlands mu 1992, imodzi imakwanitsa ng'ombe pafupifupi 60. Koma kubereketsa, kusenga ziboda, kubaya jakisoni ng'ombe yolusa, pamafunikabe mkono wa munthu. Kwathu kunonso mlimi wa ng'ombe ziwiri ku Thyolo loboti aigula ndi chiyani? Akufuna dokotala woti afike pa njinga nkhupakupa zikavuta.

Ndiye apite, aphunzire za manja. Komanso kompyutayo aigwiritsitse kuposa china chilichonse, chifukwa ine manja ndinali nawo koma amene anatsala pa ntchito ndi odziwa app. Ndipo akamaliza asathamangire mafamu akuluakulu a kunja, ngakhale ndalama zili komweko, ine nyumba ya malata ndinamangira zomwezo.